Chijeremani cha pa Mutu wa a Sitampa

Chipeso anali atalephera kale kawiri mayeso a Chijeremani, ndipo msewu wonse unkadziwa. Unkadziwa chifukwa wometa tsitsi sasunga chinsinsi: zake amauza makasitomala, za makasitomala amauza makasitomala ena. Dzina loti Chipeso analitengera pa chipeso chachikasu chimene chinkakhala kukhutu kwake tsiku lonse, moti ena ankanena kuti amasamba nacho.

Mkazi wake, namwino, anapeza ntchito ku Jeremani, ndipo panali patatha chaka ndi miyezi isanu chichokereni. Kumeneko anali atamupezera kale malo pa shopu ina yometera, koma mwini shopuyo ankafuna kaye pepala losonyeza kuti munthuyo akhoza kumva kasitomala akanena kuti m'mbali mokha. Popanda pepalalo, Chipeso akanapitiriza kuona mkazi wake pafoni basi, nkhope ikuuma pakati pa chiganizo netiweki ikavuta. Ankamusowa kwambiri, ndipo sankabisa. Mwini shopu uja anali atanena kuti mpandowo ausunga mpaka kutha kwa chaka, osapitirira, ndiye mayeso achitatuwa anali omaliza.

Apongozi ake aakazi nawo sankathandiza. Akamapita kumsika ankadutsa dala pa shopupo, n'kusuzumira pakhomo, n'kufunsa mwaulemu wonse ngati akadali konkuno. Ankaonjezera kuti mwana wawo anakhoza ulendo umodzi wokha, komanso kuti akumva kuti kumeneko kwayamba kuzizira. Chipeso ankangoti zikomo mayi, n'kupitiriza kumeta makutu akutentha.

Mawu enieniwo sankamuvuta. Chimene chinkamugwetsa ndi michira. Ife mawu athu amasintha kumutu, munthu wamkulu, anthu akuluakulu, ndipo ukangomva poyambira wadziwa kale kumene mukupita. Ajeremani anasankha kusintha kumchira, ndipo mchirawo umatengera zimene zikumuchitikira munthu m'chiganizomo. Bambo wokalamba akakhala kuti ndiye akuchita chinthu, ndi der alte Mann. Ukamuona kapena kumumeta, wasanduka den alten Mann. Ukamupatsa kanthu, ndi dem alten Mann. Chipewa chikakhala chake, ndi des alten Mannes. Bambo ndi yemweyo, sanasinthe ngakhale malaya. Ndiye pali mayi, pali mwana, pali gulu la anthu, aliyense ndi michira yake, ndipo ukachotsa der n'kuikapo ein, zina zimayambiranso poyambira. Aphunzitsi a kalasi ya Loweruka ankatchula magulu anayiwo ndi mayina aatali, koma Chipeso anawapatsa akeake: wochita, wochitidwa, wopatsidwa ndi mwinichinthu.

Anakopera zonsezo papepala lalikulu, n'kulimata pakona ya galasi, pamwamba pa botolo la sipiriti ndi chitini cha malumo. Akamameta ankaloweza mokweza. Makasitomala atsopano ankayesa akupemphera, ndipo mmodzi anafika potsinzina n'kuyankha ameni. Akale anazolowera, moti oyendetsa mataxi a pakona ankamulonjera kuti dem alten, iye n'kuyankha kuti des alten, aliyense n'kupitiriza zake. Mu shopumo sankaphonya ngakhale mchira umodzi wa der. Koma akalowa m'chipinda cha mayeso, mutu unkangoti mbee, ngati sanamvepo Chijeremani chibadwire. Aphunzitsi anati ndi mantha chabe, apume mwamphamvu katatu asanayambe. Anapuma kasanu, n'kulepherabe.

Amene anatulukira vutolo ndi a Sitampa. Anagwira ntchito ku positi ofesi zaka makumi atatu akudinda makalata, ndipo atapuma pa ntchito dzinalo linawatsatira kunyumba. Kwa zaka khumi ndi zinayi ankabwera Lachisanu lililonse nthawi ya naini m'mawa, nyuzipepala ili kukhwapa. Akazi awo anamwalira kalekale, ana anali kutali, ndiye kumetako kunali theka chabe la ulendo. Theka linalo linali kutsutsa zonse zolembedwa m'nyuzipepalamo, kuyambira tsamba loyamba mpaka la mpira. Mutu wawo Chipeso ankaudziwa kuposa msewu wa kwawo. Unali ndi dazi lozungulira pa liwombo, imvi zowirira m'mbali, chipsera kuseri kwa khutu lamanzere chimene anachipeza atagwa ndi njinga ya makalata, mapinda awiri pankhongo, ndi kanjerewere pamwamba pa khutu lamanja kamene makina ankayenera kukalambalala.

Lachisanu lina a Sitampa anasiya nyuzipepala pa benchi, n'kumatula pepala la pagalasi lija. Anati atopa kumva munthu akudandaula, afuna adzionere okha pamene pakuthina. Anakhala pampando, Chipeso n'kuwakulunga nsalu, ndipo makina akulira anayamba kufunsa. Chijeremani chawo chinali chowerenga ngati adiresi, chilembo ndi chilembo, koma chinkamveka. Anafunsa mafunso makumi awiri, Chipeso anakhoza onse osayang'ana n'komwe kumbali.

Atatha anatuluka kukakhala pa benchi ya panja kuti apitidwe mphepo, a Sitampa pepala likadali m'manja. Anafunsanso mongocheza kuti akapatsa bambo wokalamba sopo, bamboyo akhala ndani.  Chipeso anayesa den, anayesa des, kenako anayang'ana msewu ngati yankho libwera pa basi.

A Sitampa anali munthu amene moyo wake wonse ankazindikira kalata yosochera asanaitembenuze n'komwe.  Anadzuka, analowanso m'kati, anakhala pampando n'kudzikulunga okha nsalu, ndipo anafunsa funso lomwe lija. Chipeso, osaganiza, anayenda n'kukaima kumbuyo kwawo, n'kunena kuti dem alten Mann. Anamufunsa za chipewa cha bamboyo. Anasuntha n'kukaima kukhutu lamanja, yankho n'kutuluka lokha.

"Nanga mukuyenderanji?" anafunsa a Sitampa, akumuyang'ana pagalasi.

"Ine ndikuyenda?"

"Funso lililonse muli ndi pamalo pake poimapo."

Anayesa kangapo, ndipo zinali zoona. Amalume ake, amene anamuphunzitsa kumeta, anali okhwimitsa zinthu: umayamba kumphumi, n'kupita kukhutu lamanzere, kenako kunkhongo, n'kumalizira kukhutu lamanja, ndipo ukadumpha unkamva chipeso pachala. Chipeso anali ataloweza pepala lija akuzungulira mitu ya anthu mwanjira yomweyo kwa chaka chathunthu. Ndiye wochita anakhazikika pamphumi, wochitidwa kukhutu lamanzere, wopatsidwa pankhongo, mwinichinthu kukhutu lamanja. Kuzungulira koyamba ndi makina kunali kwa bambo, kwachiwiri kwa mayi, kokonza m'mbali ndi lumo kwa mwana, ndipo kosasa ndi burashi kunali kwa gulu. Chijeremani chake chonse anachisunga pa mitu ya eni ake, m'mutu mwakemo munalibe.

"Pa mayeso aja munakhala pati?"

"Kutsogolo kwenikweni, madala. Ndinalawirira dala kuti aone kuti ndine wakhama."

"Kutsogolo kwanu kunali ndani?"

"Khoma."

A Sitampa anaseka mpaka kutsokomola, Chipeso n'kuwathamangira ndi madzi. Atapeza mpweya anati nkhaniyo ndi yaing'ono: ulendo uno akafike mochedwerapo, akasankhe munthu wa mutu waukulu, n'kukhala kumbuyo kwake. Koma popeza kunali kutatsala milungu isanu yokha, ndipo michira ya ein inali isanakhazikike, anati azibwera tsiku lililonse kuti Chipeso azikhala ndi mutu wophunzirirapo nthawi imene kulibe makasitomala. Anati kunyumba kulibe amene angawafunse kuti mwachokera kuti.

Tsitsi linatha mlungu woyamba womwewo. Kuyambira pamenepo Chipeso ankazungulira mutu wosalala ndi makina ozimitsa, a Sitampa ali tsonga m'nsalu yawo, magalasi pamphuno, akufunsa ngati woweruza milandu. Chipeso akalakwitsa, iwo ankagogoda chala padzanja la mpando kamodzi, mwamphamvu, monga ankadindira makalata. Masiku ena ankakangana, a Sitampa akuumirira kuti pepala likunena zina pamene anali atangodumpha mzere. Masana ankagawana tiyi wa m'fulasiki, ndipo a Sitampa ankafotokoza za akazi awo, amene akuti ankawameta okha ndi sizasi yosokera mpaka tsiku limene anawadula nsonga ya khutu. Chipeso anali atamva nkhaniyo kambirimbiri, koma ankasekabe pamalo oyenera.

Tsiku lina apongozi anasuzumira n'kupeza mkamwini wawo akumeta mutu wopanda tsitsi ndi makina osalira, uku akuyankhula zosamveka. Sanafunse ngati akadali konkuno. Anabwerera cham'mbuyo, ndipo pasanathe ola foni ya Chipeso inalira. Anali mkazi wake, ali pa nthawi yopuma kuntchito, akufunsa mosamala kwambiri ngati akudya bwino komanso ngati akugona mokwanira. Chipeso anafotokoza zonse, n'kutembenuza foni kuti aone mutu wa a Sitampa, amene anaweramitsa dazi mwaulemu. Mkaziyo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mkono wa yunifolomu. 

"Zilizonse zimene zingathandize, chitani, amunanga," anatero. "Ndatopa kudya ndekha."

Mawu amenewo Chipeso anayenda nawo masiku onse otsalawo. Ankamulimbitsa mtima, komanso ankamuopsa.

Tsiku la mayeso anachita monga anapangana. Anafika anthu ataima kale pamzere, n'kuyamba kuyendera mitu ndi diso la ntchito. Anasiya wa zoluka, anasiya wa chipewa, ndipo anapeza bambo wina wamtali wa mutu waukulu, wometedwa bwino, makutu ali poyera. Anakaima kumbuyo kwake, mtima uli m'malo. Koma pakhomo panali mayi wovala duku lalikulu, ali ndi mndandanda wa mayina, ndipo anati ulendo uno aliyense ali ndi nambala yake yomata padesiki. Ya Chipeso inali mzere woyamba, pakona. Anayesa kupempha kuti amusinthire kumbuyo chifukwa maso amamuvuta. Mayiyo anamuyankha mokoma mtima kuti a vuto la maso ndi amene amawaika kutsogolo. Anamulandanso chipeso cha kukhutu chija, n'kuchiika m'bokosi limodzi ndi mafoni.

Anakhala pansi. Kutsogolo kwake kunali khoma lomwe lija, loyera, ndi wotchi yomwe ija. Anatembenuka kuti abeko mutu wa munthu wakumbuyo, mayi wa duku n'kugogoda desiki yake, n'kumuuza kuti akatembenukanso atuluka. Anayesa kugwira mutu wake womwe, mphumi, khutu, nkhongo, koma munalibe kanthu, pakuti wometa sadzimeta yekha. Wotchi inadya mphindi khumi iye asanalembe ngakhale chilembo. M'maganizo anaona apongozi ake pakhomo la shopu, anaona mpando wa ku Jeremani atakhalapo munthu wina, anaona mkazi wake akutsuka mbale imodzi.  Anatsinzina, osati mwanzeru ayi, koma kuti asaonenso khomalo.

Choyamba kubwera chinali chipsera. Chinabwera chokha, chopindika pang'ono monga chinalili, kuseri kwa khutu lamanzere. Kenako kunabwera dazi, mapinda awiri aja, kanjerewere, mpaka fungo la sopo amene a Sitampa ankasambira. Mutu wonse unakhala patsogolo pake, utaweramira pang'ono kumanja monga unkachitira mwini wake akamawerenga. Chipeso anatsegula diso limodzi n'kuwerenga funso loyamba. Linali la munthu amene akupita kukaona mnzake wakale. Mnzakeyo ndiye wochitidwa, ndiye kuti kukhutu lamanzere, pachipsera. Analemba den alten Freund, n'kutsinzinanso.

Anapitiriza motero, kutsinzina ndi kulemba, zala za dzanja lamanzere zikutsegula ndi kutseka ngati sizasi pansi pa desiki. Mtsikana wa pambali pake anamuyang'ana kawiri n'kusunthira mpando wake kutali. Gawo lomaliza linali lolemba kalata yaifupi kwa mnzako yonena za mphatso imene wagula ndi amene ukufuna kumupatsa. Chipeso anazungulira kachiwiri, kuzungulira kwa mayi, n'kukaima pankhongo, pa mapinda paja. Analemba kuti mphatsoyo apatsa meiner lieben Frau, mkazi wake wokondedwa, ndipo anayang'ana mawuwo nthawi yaitali kuposa mmene mayeso ankafunira. Mayeso oyankhula a masana anali ngati kumwa madzi. Woyesayo anali bambo wa dazi lowala, ndipo akawerama kuti alembe, makutu onse awiri ankaoneka. Nkhongo yokha ndi imene Chipeso anabwerekanso kwa a Sitampa.

M'mawa mwake anatsegula shopu ali ndi nkhani yodzaza pakamwa, koma a Sitampa sanabwere. Lachisanu nthawi ya naini benchi inali yokha. Mlungu wotsatira chimodzimodzi. Chipeso anapita kunyumba kwawo, n'kupeza pakhomo pali loko, ndipo mayi woyandikana nawo anati ali bwinobwino, angoyamba kuyenda ndi chipewa masiku ano. Tsiku lina anawaona tsidya lina la msewu, chipewacho chitafika m'makutu. Anakweza dzanja, iwo anakwezanso, koma sanawoloke. Zinamupweteka Chipeso. Anaganiza kuti mwina anawatopetsa, kapena anapeza wometa wina amene sayankhula zachilendo pamutu pa munthu.

Zotsatira zinabwera pafoni patatha milungu itatu, iye ali pakati pometa woyendetsa taxi, amene anatsala ndi mbali imodzi kwa theka la ola. Anakhoza. Mkazi wake anamuuza kuti awerengenso uthengawo kawiri, kenako anayamba kulira, kenako anayamba kutchula zoti abwere nazo, ndipo jekete analitchula katatu. Apongozi analowa mu shopumo koyamba chiyambire, anakhala pa benchi, n'kuuza makasitomala onse kuti iwo ankadziwa kuyambira kale kuti mkamwini wawo ndi wanzeru. Chipeso anawapatsa tiyi wa m'fulasiki.

Mapepala a ulendo anatenga miyezi iwiri. Lachisanu lomaliza linamupeza akulongedza. Shopuyo inali yoti mlungu wotsatira mulowa munthu wokonza mafoni, ndipo zithunzi za masitayilo zinali zitatsika kale pakhoma. Kunatsala mpando, galasi ndi pepala lija. Nthawi ya naini yeniyeni pakhomo panaima munthu wa chipewa, nyuzipepala ili kukhwapa.

A Sitampa sanalonjere n'komwe. Anakhala pampando, anaika nyuzipepala pamiyendo, n'kuvula chipewa. Imvi zinali zitawirira m'mbali monse, zitaphimba makutu, zitatsikira mpaka pakolala. Chipeso sanaonepo mutuwo uli choncho.

"Ndimasunga," anatero a Sitampa. "Ndikanabwera kuno mukanandimeta. Sindikanafuna kudzatsanzikana ndi mutu wopanda ntchito."

Chipeso anatulutsanso nsalu imene anali ataipinda kale, n'kuwakulunga. Akumanga pakhosi anawafotokozera zonse, za nambala ya padesiki, za mayi wa duku, za khoma, ndi za chipsera chimene chinabwera chokha. A Sitampa anamvetsera osadula mawu, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Ndiye kuti mutu wanga ukupita ku Jeremani, ine ndikutsala," anatero.

"Ndidzaugwiritsa ntchito tsiku lililonse, madala."

"Muzikausamala. Pakanjerewere paja muzilambalala."

Chipeso anatenga makina n'kufunsa ngati amete monga mwa masiku onse, kusiya pang'ono m'mbali. A Sitampa anadziyang'ana pagalasi, anayang'ananso khoma lopanda zithunzi ndi makatoni a pakona.

"Ayi, lero metani mpala," anatero. "Lichedwe kumera. Sindinaganizebe kopita."

Chipeso anayatsa makina n'kukaima kutsogolo, pamphumi, monga anamuphunzitsira amalume ake. Mwachizolowezi pakamwa panayamba pokha, der alte Mann, ndipo a Sitampa anagwedeza mutu pang'ono kuvomereza. Imvi zinayamba kugwera pansalu. Atafika kukhutu lamanzere n'kuvundukula chipsera chija, mawu anamukanika.  A Sitampa anadikira, kenako anagogoda chala padzanja la mpando kamodzi, n'kumalizitsa okha ndi Chijeremani chawo cha adiresi chija. Anatero mpaka kunkhongo ndi kukhutu lamanja, osayang'ana papepala, ndipo sanalakwitse ngakhale pamodzi. Chipeso anameta pang'onopang'ono, ndipo atamaliza anazunguliranso kachiwiri ngakhale panalibe chotsala.